Msewu Ngwayani?

Bambo anga anali ndi njinga yakapalasa ya mtundu wa Humber, yakuda bii, yokhala ndi kachikwama ka masipanala kunsi kwa chishalo. Njingayo inkagona kuchipinda kwawo, pafupi ndi bedi, ndipo mwana woigwira popanda chilolezo ankadziwiratu chimene chimudikira madzulo. Ndi njinga imeneyi imene inanyamula amayi anga kupita kuchipatala usiku umene ine ndinabadwa. Inanyamulapo matumba a fetereza, mbuzi yomangidwa miyendo, ngakhalenso kabokosi ka maliro a khanda la kwa atsibweni. Komabe nditayamba ntchito m'boma ndinalumbira chamumtima kuti ine za njinga ndathana nazo. Zinanditengera zaka 11 kuti ndigule kagalimoto kakale kochokera ku Japan, ndipo tsiku limene ndinafika nako pamudzi amayi analuluta ngati kwabwera mkwatibwi. Kuyambira pamenepo njinga ndinkangoionera pagalasi.

M'mwezi wa July 2018 ananditumiza ku maphunziro a milungu itatu mumzinda wa Toulouse, kummwera kwa dziko la France. Amene anayendapo ulendo wotere akuudziwa mwambo wake: umadya buledi ndi tiyi m'chipinda mwako kuti alawansi ibwerere kumudzi ili yamoyo, ikasanduke malata kapena fizi ya ana. Maphunziro atatha panatsala masiku asanu ndege isananyamuke. Anzanga analowa m'masitolo. Ine ndinachita chinthu chimene mpaka lero mkazi wanga amachitchula akafuna kundiseka pamaso pa alendo: ndinatulutsa ndalama n'kubwereka njinga. "Abambo ake ana," amatero, "kukwera ndege usiku wonse kuti mukapalase njinga kwa azungu, ngati kuno njinga zinatha?"

Njira imene ndinatsata ndi ya m'mbali mwa ngalande yotchedwa Canal du Midi. Ndikati ngalande musaganize za timakwawa totaya madzi a mvula m'tauni. Uwu ndi mtsinje wokumbidwa ndi manja a anthu, wotalika makilomita 240, woyambira ku Toulouse n'kukathera m'thamanda la Thau, pafupi ndi doko la Sète pa nyanja ya Mediterranean. M'mphepete mwake muli kanjira kamene kale munkayenda akavalo okoka mabwato a katundu ndi zingwe. Lero akavalo aja kulibe, ndipo galimoto za anthu wamba siziloledwamo. Mumayenda apansi ndi apanjinga basi. Makilomita oyambirira kuchoka ku Toulouse anali a tala wosalala. Kutsogoloko, m'dera la Aude, ndinapeza njira yadothi, yamitsitsi yotumphuka, yosasiyana kwenikweni ndi njira yopita kuchigayo kwathu, ndipo thupi linandikumbutsa mosabisa kuti panali patapita zaka zoposa 20 ndisanakhalenso pa chishalo.

Chimene chinandidabwitsa tsiku loyamba si minda ya mpendadzuwa yofika kumene maso alekezera, kapena timidzi ta nyumba za njerwa zofiira ndi matchalitchi ake akale. Chinali khosi langa. Ola lonse loyamba ndinkangocheuka. Mwana aliyense amene anakulira m'mbali mwa msewu waukulu kwathu kuno amapalasa njinga ndi makutu: akangomva kulira kwa lole kumbuyo amadziwa kuti tala si wake, athawire kuudzu. Thupi langa linali lisanaiwale phunzirolo. Dzuwa litafika paliwombo m'pamene ndinazindikira kuti palibe chobwera kumbuyo kwanga koposa njinga inzake, ndipo mapewa anatsika okha. Ndinatula mtolo wa mantha umene ndinausenza kuyambira ubwana osadziwa n'komwe kuti ndausenza. Koma m'malo moti ndikondwe, mtima unandibwezera pa msewu wa Likuni.

Ndiulule pano, popeza nkhani yonseyi yatsamira pamenepa. Miyezi ingapo ulendowu usanachitike, m'mawa wina ndikuthamangira msonkhano, ndinapeza bambo wina akupalasa njinga atasanja matumba atatu a makala, mwa aja amachokera nawo ku Dzalanyama kusanache. Kutsogolo kunkabwera minibasi. Ndikanatha kuponda mabuleki n'kudikira kanthawi kosakwana n'komwe mphindi imodzi. Ndinaliza hutala mwamphamvu osachepetsa liwiro. Bamboyo anakhotera m'mphepete mwa tala modyeka, njinga inagwedezeka, ndipo pagalasi loonera kumbuyo ndinaona matumba akugubuduka, fumbi lakuda likukwera, munthu ali chagada. Sindinaime. Ndinadziuza kuti sindinamugunde, ndipo zinalidi zoona. Kumsonkhano ndinafika nthawi yabwino, ndinamwa tiyi, ndinasayina pa pepala la opezekapo. Madzulo a tsiku lomwelo magetsi atazima, nsima imene ndinadya inaphikidwa pa mbaula ya makala.

Tsono funso limene linandiperekeza kuchoka ku Castelnaudary mpaka ku Béziers ndi ili: kodi n'chilungamo kuti munthu asangalale ndi chinthu chimene kwa mnzake ndi goli? Chitsulo ndi chomwecho, mateyala awiri, tcheni ndi mapedulo. Thukuta nalo ndi lomwelo, lamchere. Koma ine ndinkalipira kuti ndituluke thukuta, pamene bambo uja amatuluka thukuta kuti alipidwe. Anthu amene ndinkakumana nawo panjirapo, agogo aimvi, mabanja okoka ana m'tingolo tomangirira kumbuyo kwa njinga, anyamata ndi atsikana onyamula matenti, ambiri mwa iwo ayenera kuti anasiya galimoto kunyumba. Kwa iwo njinga ndi ulemu. Kwathu kuno, mkulu wa m'boma akafika ku ofesi pa njinga, anthu amayamba kunong'onezana kuti ngongole zamugwira pakhosi.

Poyamba ndinadziyankha kuti kusiyana kwake ndi ufulu wosiya. Ine ndikanatopa ndikanatsamiritsa njinga pamtengo, n'kukwera sitima kubwerera ku Toulouse, ndipo palibe mwana akanagona ndi njala. Yankho limeneli ndi loona, koma ndi lotsika mtengo. Limafotokoza chifukwa chimene ine ndinkasangalalira. Silinena ngati ndinali woyenera kusangalala. Ndipo mbiri ya ngalandeyo, imene ndinkaiwerenga pa zikwangwani za m'njira ndi m'kabuku kamene ndinagula, inangolikulitsa funsolo.

Amene anaganiza zokumba Canal du Midi anali Pierre-Paul Riquet, mbadwa ya ku Béziers, ndipo ntchito yake, ndinaseka nditamva, inali yotolera msonkho. Ankatolera gabelle, msonkho wa mchere, umene anthu wamba a ku France ankadana nawo koopsa mpaka pamene unathetsedwa mu 1790. Maganizo olumikiza nyanja ya Atlantic ndi ya Mediterranean podzera pamtunda analipo kalekale, koma onse ankakakamira pa vuto limodzi: madzi sakwera phiri, nanga pamalo okwera kwambiri a ngalandeyo adzachokera kuti? Riquet anapeza yankho m'mapiri a Montagne Noire. Anasonkhanitsa timitsinje ta kumeneko, anamanga damu la Saint-Ferréol losungira madzi a m'chilimwe, n'kuwatsogolera m'mifuleni mpaka pa Naurouze, pamtunda wa mamita pafupifupi 190 kuchokera pa nyanja, pamene madziwo amagawikana, ena kulowera kuzambwe, ena kuvuma. Mfumu Louis XIV inavomereza ntchitoyi mu 1666, mothandizidwa ndi nduna yake Colbert. Ngalande inatsegulidwa mu 1681. Riquet anali atamwalira mu October 1680, kutatsala pang'ono kuti aone mapeto ake, ndipo anasiyira ana ake ngongole imene inawatengera zaka zambiri kubweza.

Pa Naurouze pali chipilala chomukumbukira, ndipo ku Béziers chiboliboli chake chaima pakati pa msewu wotchedwa dzina lake. N'zomuyenera. Koma dothi silinakumbidwe ndi iye. Panthawi imene ntchito inafika pachimake panali anthu pafupifupi 12,000, amuna ndi akazi, okumba ndi mapiki ndi mafosholo, otuta dothi m'madengu. Olemba mbiri amati Riquet ankawalipira bwino poyerekeza ndi mabwana ena a nthawiyo, ngakhale pa masiku amene adwala kapena mvula yaletsa ntchito. Katswiri wina wa ku America, Chandra Mukerji, analemba buku mu 2009 losonyeza kuti amayi akumidzi ya m'mapiri a Pyrénées, amene anazolowera kutsogolera madzi m'minda mwawo, anathandiza kwambiri ndi luso lawo pa ntchitoyi. Mayina awo sali pa chipilala chilichonse chimene ine ndinaona. Ndinaima pa Fonseranes, pafupi ndi Béziers, pamene pali zipinda za madzi zotsatizana ngati makwerero: bwato limalowa, amatseka zitseko kumbuyo kwake, madzi amadzaza, bwato limakwera n'kulowa chipinda china, mpaka litafika pamwamba. Alendo ankajambula zithunzi akunyambita ayisikilimu. Ine ndinkaona madengu.

Ndiye kuti mtendere wa njira imeneyi unagulidwa ndi msonkho wa mchere wa amphawi ndi misana ya anthu osatchulidwa. Komanso, tinene zoona, njirayi sinapatsidwe kwa apanjinga chifukwa cha chifundo cha wina aliyense. Njanji yolumikiza Bordeaux ndi Sète itatsegulidwa mu 1857, katundu anayamba kuthawa m'mabwato. Pambuyo pake malole anadzalanda otsalawo. Kanjirako kanasiyidwa chifukwa amphamvu anapeza kwina kothamangira. Njira zambiri za apanjinga m'dzikomo n'zotero: m'mbali mwa ngalande zimene malonda anazisiya, kapena pamene panali njanji zimene anazizula. Ndi makombo a chitukuko. Kungoti makombo ake anawasesa bwino, anawaikira zikwangwani ndi mabenchi, ndipo mu 1996 bungwe la UNESCO linaika ngalandeyi m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Ndinafika pa Carcassonne madzulo a tsiku lachiwiri ndili ndi mtima wofuna kudana ndi zonse zimene ndinkaona. Mzinda wakale uli paphiri, wozunguliridwa ndi malinga awiri ndi nsanja zambirimbiri, ndipo ukauona dzuwa likulowa umaiwala kutopa. Koma malinga samangidwa ndi anthu okhala pamtendere. Mu 1209 ankhondo otumidwa m'dzina la chipembedzo kudzathana ndi Akatari anaulanda mzindawu n'kupirikitsa eni ake, atangochoka kumene ku Béziers kumene anapha anthu zikwizikwi tsiku limodzi, osasankha. Ndinadzifunsa ngati pali malo aliwonse okongola padziko pano amene pansi pake palibe mafupa. Usiku umenewo ndinatsala pang'ono kubweza njinga.

Chimene chinandiletsa ndi maganizo ena amene anandifikira ndili chigonere. Tiyerekeze kuti ndabweza njinga, ndakhala m'chipinda masiku otsalawo ndikudziimba mlandu. Kodi thumba limodzi la makala pa msewu wa Likuni likanapepuka? Kudzimvera chisoni kotere kuli ndi kaulesi kake. Munthu amamva ngati walipira ngongole pamene sanatulutse ngakhale tambala. Ndiponso ndinakumbukira kuti kupuma kwa anthu amene ndinkakumana nawo aja sikunagwe kumwamba. Mpaka 1936 antchito wamba ambiri a ku France sankadziwa tchuthi cholipidwa. Chaka chimenecho, pambuyo pa masitiraka aakulu, boma la Léon Blum linakhazikitsa lamulo lopatsa wantchito aliyense milungu iwiri yopuma akulandira malipiro, ndipo ambiri mwa iwo, posowa galimoto, anapita kukaona nyanja koyamba m'moyo wawo pa njinga zomwezo zimene ankapitira kufakitale. Njinga ya goli ndi njinga ya chisangalalo inali imodzi, mwini wakenso mmodzi. Chinasintha ndi chakuti anthu anagwirizana kuti munthu wogwira ntchito ayenera kukhala ndi masiku akeake. Choncho cholakwika si chakuti agogo a ku France akupalasa njinga mumthunzi. Cholakwika n'chakuti bambo wamakala uja sadzapalasapo njinga yopanda katundu, popanda kumene akuthamangira, ndipo palibe amene akuona kuti pamenepa pali vuto.

Ndinadzuka m'mawa ndili wokhutira ndi nzeru zangazi, monga amachitira munthu amene wapeza kuti mlandu ndi wa dziko lonse, osati wake. Kukhutirako sikunafike masana. Nditadutsa Trèbes kanjira kanapanikizika, mbali ina madzi, mbali ina mitengo. Kutsogolo kwanga kunali mayi wokalamba akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, kagalu kali pachingwe. Ndinali ndi makilomita ambiri oti ndipalase tsikulo. Ndinaliza belu. Sanamve. Ndinalizanso, kawiri, katatu, chala chikukanikiza mwaukali, ndipo mayiyo anadzidzimuka n'kupatukira muudzu, akukoka kagalu kake. Anandiyang'ana n'kunena kuti "Bonjour, monsieur," mwaulemu umene unandilasa kuposa chitonzo. Chala chimene chinaliza belu chija ndi chomwe chija chinaliza hutala. Panjira yopanda galimoto, galimoto ndinali ine.

Apa m'pamene nkhaniyi inandivutira, ndipo mpaka lero sindinaimasule bwino. Ndinkaganiza kuti njira ija ndi yamtendere chifukwa oyendamo ndi anthu ofatsa. Ayi ndithu. M'matauni a kumeneko ndinakumana ndi madalaivala osaleza mtima ngati a kwathu konkuno. Mtima wa munthu ndi womwewo: akangokhala ndi liwiro loposa la mnzake amayamba kumuona ngati chopinga. Chimene njira ija inachita ndi kundilanda chitsulo cholemera tani imodzi, kotero kuti kusaleza mtima kwanga kunangothera pa kudzidzimutsa nkhalamba, osati kuigwetsa. Komanso inandikakamiza kuona nkhope yake. Pa njinga sungathawe maso a munthu amene wamulakwira. Umamudutsa pafupi, pang'onopang'ono, mpaka amakupatsa moni. M'galimoto umatseka mawindo, ndipo munthu amasanduka kadontho kocheperachepera pagalasi.

Ena anganene kuti basi, yankho ndi limenelo, tiwamangire apanjinga njira zawozawo. Sindikutsutsa, ndipo ndikanakonda zitatero. Ndakhalapo m'misonkhano yokambirana za misewu, ndipo ndikayang'ana mozungulira tebulo ndimapeza kuti tonse tabwera pa galimoto. Wa kabaza ndi wamakala timawatchula pofika pa mutu wa zosokoneza pamsewu. Koma kulekanitsa kuli ndi malire ake. Sungamange msewu wachiwiri m'mbali mwa msewu uliwonse, ngakhale ku France komweko sanathe. N'chifukwa chake malamulo awo a pamsewu amalamula dalaivala wopitirira wapanjinga kusiya mpata wa mita imodzi m'tauni, ndi mita imodzi ndi theka kunja kwa tauni. Nditamva za lamuloli ndinaliganizira nthawi yaitali. Mita imodzi ndi theka ndi utali wa mphasa yaing'ono. Boma lalikulu linakhala pansi n'kulemba kuti munthu wofooka ali ndi kadera kake komuzungulira kamene wamphamvu sayenera kulowamo, ngakhale atachedwa chotani. Koma lamulo nalonso limafuna phazi lovomera kuponda mabuleki pamene wapolisi palibe, ndipo pa msewu wa Likuni m'mawa uja wapolisi panalibe.

Pali chinthu china chimene ndinaona chimene sindifuna kuchisiya. Mthunzi wotchuka wa ngalandeyi umachokera ku mitengo ikuluikulu yotchedwa platane, imene inalipo pafupifupi 42,000. Mu 2006 anapeza kuti yagwidwa ndi matenda a chuku opanda mankhwala, ndipo njira yokhayo ndi kudula mtengo wodwala n'kuuwotcha pomwepo. Masauzande ambiri adulidwa kale, ndipo akubzala mitundu ina m'malo mwake. Pakati pa Carcassonne ndi Béziers ndinadutsa malo ataliatali a zitsa zokhazokha, dzuwa likuswa mtengo, timitengo tatsopano titamangiriridwa ku zikhomo. Ndinakumbukira Dzalanyama. Ndikudziwa bwino lomwe kuti makala a bambo uja akudya nkhalango imene Lilongwe amamwera madzi, ndipo m'mawa uja, pofuna kudzitonthoza, ndinadziuzanso kuti munthuyo ndi wophwanya malamulo. Koma wogula makalawo ndine. Iye amasenza tchimo langa pa njinga yake makilomita onsewo, n'kudzalitula pakhomo panga, ine n'kumuthamangitsa pamsewu chifukwa akundichedwetsa.

Ndinabweza njinga tsiku lachisanu m'mawa, nditabwerera ku Toulouse pa sitima. Anzanga anali ndi masutikesi otupa. Ine ndinali ndi miyendo yotupa ndi kabuku kamodzi. Nditafika kumudzi ndinafunsa za Humber ija. Amayi anati inagulitsidwa bambo atamwalira, ndipo mwina ikunyamulabe katundu kwinakwake. Ndinagula njinga ina, ndipo Lolemba lina ndinapita nayo ku ntchito. Mlonda wa pachipata anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bwana, galimoto yatani?"

"Ili bwinobwino, achimwene. Ndangofuna kupalasa."

"Pepani kwambiri, bwana," anatero motsitsa mawu, ngati wopepesa maliro. "Zidzakhala bwino."

Ndinapalasa masiku anayi. Tsiku lachinayi minibasi inandikankhira kunja kwa tala ndipo kondakitala ananditukwana. Lachisanu ndinatenga makiyi a galimoto, ndipo sindinganame kuti ndinawatenga monyinyirika. Njingayo tsopano amakwera ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo akachedwa kubwera ndimaima pageti.

Msewu wa Likuni ndimadutsamobe. Ndikapeza wamakala kutsogolo kwanga ndimatsika liwiro n'kumutsata pambuyo mpaka mpata utapezeka, uku a m'mbuyo mwanga akuliza mahutala, ena akutulutsa mikono pawindo. Masiku ena, ndikachedwa kwambiri, ndimamva chala chija chikuyabwa. Pomudutsa ndimayesa kumuyang'ana kumaso, ngati kuti ndingamuzindikire bambo uja n'kuima kuti ndimufunse ngati anavulala, ndi kuti makala anatayika aja anali a ndalama zingati. Koma nkhope yake sindinaione. Chimene ndinaona pagalasi, fumbi lisanatseke zonse, ndi patapata mmodzi wabuluu atatsala yekha pakati pa tala.